ZA MLONGOTI WA WAILESI NDI MTHUNZI WA PHIRI

M'phunziro la mwezi uno tifuna kukamba za chinthu chimene chiri m'nyumba zambiri, koma ochidziwa bwino ali owerengeka. Kawiri kawiri timva munthu ali kudandaula kuti, Wailesi yanga ingochita phokoso, koma ya mnansi wanga kutsidya kwa mtsinje imveka ngati mlendo ali pakhomo. Kodi wogulitsa uja sanandinyenga? Ena ataya ndalama zao kugula mabatire atsopano, osaona kusintha. Ndipo alipo ena, tichita manyazi kunena, amene ayamba kuganizira mnzao kuti anawachita chipongwe. Koma nthawi zambiri wogulitsa alibe mlandu, mnansinso alibe mlandu. Mlandu uli pakati pa zinthu ziwiri: kachitsulo kaja kotuluka pamutu pa wailesi, kamene titcha mlongoti kapena eriyo, ndi mapiri athu awa, Zomba ndi Malosa.

Wina anganene kuti, Nanga pali kanthu ngati wailesi simveka? Si nyimbo chabe ndi mpira? Iai, abale. Okalamba otsala akumbukira mwezi wa December 1946, pamene mvula yoopsa inagwa pa phiri la Zomba usana ndi usiku. Nthaka inagumuka, madzi anatsika pamodzi ndi miyala ndi mitengo, nakokolola milatho ndi nyumba, ndipo anthu anafa. Anthu anati ndiye Napolo ali kusamuka kuchoka kuphiri kunka ku nyanja ya Chilwa. Tsopano tidziwa kuti anali namondwe wochokera ku nyanja yamchere ya kum'mawa. Masiku amenewo m'midzi munalibe wailesi, ndipo chigumula chinapeza anthu osadziwa kanthu.

Chaka cha 2023 kunadza namondwe wina, wochedwa Freddy. Iye anabadwira kufupi ndi dziko la Australia m'mwezi wa February, naoloka nyanja yonse, nafika kwathu kuno m'mwezi wa March. Nthawi imeneyi a za nyengo anamuona akali kutali, ndipo mawailesi analengeza za iye asanafike. Anthu mazana ambiri anafabe, makamaka ku Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu, pakuti chenjezo silikhoza kugwira phiri kuti lisagumuke. Koma amene anamva anali nayo nthawi yochotsa ana ndi okalamba m'mbali mwa mitsinje. Ndipo pamene magetsi anazima, ndi malamya a m'manja anatha moto, chotsala chonena ndi anthu chinali kawailesi ka mabatire. Chifukwa chache tiyesa kuti nkoyenera munthu adziwe mayendedwe a mau amenewa, ndi zimene ziwatsekereza.

MAU AYENDA BWANJI POPANDA WAYA?

Makolo athu anayamba kuona lamya m'zaka za m'ma 1890, pamene waya anamangidwa pa milongoti pakati pa Blantyre ndi Zomba. Nzeru imeneyo sinabvuta kumva: uthenga utsata waya monga madzi atsata ngalande. Koma dzina lakuti wailesi lichokera ku mau a Chingerezi otanthauza chinthu chopanda waya. Tsono uthenga utsata chiani?

Pitani pa dziwe la mtsinje wa Domasi pamene madzi ali bata, mutenge ndodo, muiviike ndi kuitulutsa, kuiviika ndi kuitulutsa. Mudzaona mafunde ali kuchoka pa ndodo, nafalikira mbali zonse ngati mphete. Tsidya lija pali bango loima m'madzi. Mafunde akafika, bangolo liyamba kugwedezeka, ndipo ligwedezeka molingana ndi dzanja lanu. Mukafulumiza, lifulumira, mukazengereza, lizengereza. Simunalikhudza bango, madzinso a pa ndodo yanu sanaoloka. Chimene chaoloka ndi kugwedezeka kokha.

Ndodo ija ndiyo mlongoti waukulu wa nyumba youlutsira mau, bango ndilo mlongoti wa wailesi yanu. Muulutsi akalankhula, makina asandutsa liu lache likhale mphamvu ya magetsi yonjenjemera monga mwa mau ache. Makina ena apanga magetsi ena othamanga kwambiri, opita ndi kubwera, ndipo mau aja awasenzetsa pa magetsi amenewa monga katundu pa mutu wa wamtengatenga. Magetsiwa akwera ndi kutsika m'chitsulo cha mlongoti, ndipo pa kukwera ndi kutsika kumeneko mafunde osaoneka atuluka, nauluka. Akagunda kachitsulo ka wailesi yanu, autsa m'menemo magetsi ang'ono ang'ono, ofoka ndithu, koma onjenjemera chimodzimodzi. Nchito ya mabatire ndi kukuza kunjenjemera kumeneko kufikira kumveka m'khutu. Muone tsono kuti mabatire sakhoza kukuza chimene mlongoti sunagwire. Mlongoti ukagwira pang'ono, akuza phokoso.

Koma fanizo la dziwe lipelewera pa chinthu chimodzi, ndipo chiri chachikulu. Mafunde a m'madzi afuna madzi, liu la munthu lifuna mpweya. Koma mafunde a wailesi safuna kanthu koyendamo. Iwo ndi abale a kuunika kwa dzuwa, mtundu umodzi, kungoti maso athu sawaona. Liwiro laonso ndi la kuunika, makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Munthu woyamba kuzindikira ichi anali James Clerk Maxwell wa ku Scotland, dziko lomwelo kumene anachokera amene anayamba Mishoni wa Domasi mu 1884. Iye anachipeza pa pepala, ndi masamu okha, nachilemba mu 1865, namwalira asanaone umboni wache. Heinrich Hertz wa ku Germany ndiye anapanga mafundewo m'chipinda, nawagwira tsidya lina la chipindacho, mu 1887 ndi 1888. Ndipo pa 12 December 1901 Guglielmo Marconi, ali ku St John's m'dziko la Newfoundland, anakweza waya wautali m'mwamba ndi kaiti, nanena kuti wamva timadontho titatu ta chilembo cha S tochokera ku Poldhu ku England, tsidya lija la nyanja ya Atlantic.

ZA UTALI WA FUNDE

Mlengalenga mwadzala mafunde a nyumba zoulutsira mau zambiri mbiri, onse pamodzi, ngati anthu pa msika. Wailesi isankha bwanji limodzi? Odziwa kuimba bangwe adzamva msanga. Nsambo yaitali ilira liu lalikulu, yaifupi ilira laling'ono. Ndipo nsambo ziwiri zikakungidwa mofanana, mukakhudza imodzi inzache inthunthumira yokha. Pamene mupotoza kagudumu ka wailesi, muli kukunga nsambo ya m'kati, kuti ibvomere nyumba imodzi ndi kukana zinzache.

Manambala olembedwa pa nkhope ya wailesi anena za kufulumira kwa funde. Pa mbali ya FM, pamene palembedwa 100, ndiko kuti magetsi apita ndi kubwera kokwana mamiliyoni 100 pa sekondi imodzi. Funde lofulumira chotero liri lalifupi: kuchokera pa msana wa funde kufika pa msana wa linzache ndi mamita 3. Funde lozengereza liri lalitali. Kale wailesi ya MBC, imene inakhazikitsidwa mu 1964, inali kumveka pa 3380 ku mbali ya SW, ndipo funde limenelo linali pafupi mamita 90.

Mlongoti nawo uli ngati nsambo: ugwira bwino funde lolingana ndi msinkhu wache. Amisiri aupima ukhale theka la funde, kapena theka la thekalo. Theka la theka la mamita 3 ndi masentimita 75, ndipo mukayesa kachitsulo ka wailesi yanu mutakasolola konse, mudzapeza kuti sikatalikira muyeso umenewo. Wopanga sanakatalikitse kuti kakongole. Chotero iye amene akasolola theka lokha, kapena amene ana ache anakathyola, ali ngati msodzi wopita ku Chilwa ndi ukonde wong'ambika.

DENGA LOSAONEKA

Dziko lapansi liri lobulungira, ndipo kuunika kuyenda molunjika. Nanga Marconi anamva bwanji tsidya la nyanja? Anzeru anazizwa nacho. Mu 1902 Oliver Heaviside ndi Arthur Kennelly, yense payekha, anati kumwamba kuyenera kukhala chinthu chobweza mafunde, ndipo mu 1924 Edward Appleton anachitsimikiza. Pamwamba pa mitambo yonse, kuyambira ngati makilomita 60 kufika mazana angapo, pali mpweya wopyapyala umene dzuwa liupatsa mphamvu ya magetsi. Azungu autcha ionosphere. Mafunde a SW akaufika, uwapinda nuwabwezera pansi kutali, monga kalilole abweza dzuwa.

Denga limeneli ndilo linabweretsa wailesi m'midzi yathu. Boma la Northern Rhodesia linayamba kuulutsa mau ku Lusaka mu 1941, nthawi ya nkhondo, ndipo pambuyo pache nyumbayo inachedwa Central African Broadcasting Station, yolankhula Chinyanja, Chibemba ndi zinenero zina kwa anthu a maiko atatu. Koma anthu wamba analibe chomvera. Mzungu wina wa m'boma, Harry Franklin, anayendayenda kufuna kampani yopanga wailesi yotsika mtengo, kufikira a Ever Ready anabvomera. Mu 1949 inafika wailesi yobulungira, ya buluu, imene anaitcha Saucepan Special chifukwa chigoba chache chinali ngati sefuliya yophikira. Mtengo wache unali mapaundi 5, ndi batire lache mashiling'i 25. Pa imeneyo anthu anamva nyimbo za Alick Nkhata ndi nkhani za maiko. Kuchokera ku Lusaka kufika ku Zomba ndi makilomita ngati 750, ndipo pakati pali mapiri ndi zigwa zosawerengeka; koma mafundewo sanadzere pansi. Anakwera kumwamba, natsika kwa ife ngati mvula, ndipo phiri silikhoza kutchinga mvula yogwa pa mutu.

Koma denga limeneli silikhazikika. Lisintha usana ndi usiku, ndicho chifukwa chache mau a SW amka nakula, namka nazilala, ngati munthu wolankhula ali kuyenda. Ndipo mbali ya MW, usana kunsi kwa dengalo kumeza mafunde, koma dzuwa likalowa kuleka kumeza. Apo mpamene akulu anali kumva usiku mawailesi a ku Mozambique ndi a ku South Africa amene masana sanamveke konse.

MTHUNZI WA PHIRI

Lero anthu ambiri amvera FM, nzeru imene Edwin Armstrong wa ku America anaitulukira mu 1933. Ubwino wache ngwakuti mau amveka oyera. Pa SW ndi MW mau asenzedwa pa kukula ndi kuchepa kwa funde, ndipo mphezi iri yonse ya kutali iwonjezapo kuthetheka kwache. Pa FM mau asenzedwa pa kufulumira ndi kuzengereza kwa funde, kumene mphezi siikhudza kwambiri. Koma palibe chabwino chopanda mtengo. Mafunde a FM ali afupi kotero kuti denga lija siliwabweza, aliboola, napita. Chotero ayenera kuyenda molunjika kuchokera pa mlongoti waukulu kufika pa wanu, monga kuunika kwa nyali. Ichi ndicho chifukwa milongoti yoteroyo imangidwa pamwamba pa mapiri, monga pa Mpingwe ku Limbe, pa phiri la Dedza, ndi pa Zomba pomwe pano.

Tsono taonani chigwa chathu. Mbali ina kuli Zomba, amene nsonga zache zipitirira mamita 2,000 pamwamba pa nyanja yamchere. Mbali ina kuli Malosa. Pakati mtsinje utsika kunka ku Chilwa. Inu nomwe mudziwa kuti madzulo midzi ya m'tsinde mwa phiri ilowa m'mthunzi, pamene ku madambo a mpunga kukali dzuwa. Momwemonso mafunde a FM ali nao mthunzi wao, wosaoneka ndi maso. Funde lalitali likhoza kupinda pang'ono pa phewa la phiri, lalifupi lipinda pang'ono kopambana. Kungatheke kuti munthu wokhala kutali ku dambo amve bwino koposa wokhala pafupi, kuseri kwa chitunda. Monga nyali ikaikidwa pa denga, a pa bwalo aiona, koma wokhala pa khonde ali mumdima.

Chiripo china chodabwitsa koposa. Matanthwe a phiri abweza mafunde, monga abweza liu la mbusa woitana ng'ombe. Chotero funde limodzi lifika pa nyumba yanu njira ziwiri, lina molunjika, lina mozungulira litagunda thanthwe. Msana ukakomana ndi msana, athandizana, ndipo mau akula. Koma msana ukakomana ndi chigwa cha funde linzache, aphana, ndipo wailesi ingoti waa. Popeza funde lonse ndi mamita 3 okha, malo ophana ndi malo othandizana atalikirana phazi limodzi kapena awiri. Apa mpamene pagona chinsinsi cha wailesi yomveka pa mtondo koma yokana pa mpando. Malata naonso atchinga ndi kubweza mafunde, pamene udzu uwalola kupyola. Ndipo tiseka pang'ono poona kuti pa nkhani iyi yokha mwini nyumba ya udzu aposa mwini nyumba ya malata.

Lamya ya m'manja ndi wailesi yomwe, yomva ndi kulankhula. Funde lache liri lalifupi koposa, ngati mkono wa mwana kapena kuchepera, chotero mlongoti wache ubisika m'kati. Mthunzi wachenso uli wakuda koposa, ndiye muona anthu ali kukwera pa chulu pofuna kulankhula.

KUBWEZA KWA MAFUNDE KUSANDUKA MASO

Kubweza kumene kutisautsa m'chigwa, anthu ena anakusandutsa chida. Mukaima moyang'ana thanthwe ndi kupfuula, liu libwerera. Liu liyenda mamita 340 pa sekondi; likabwerera patapita masekondi 2, thanthwe liri pa mamita 340, pakuti liu layenda ulendo wopita ndi wobwera. Mleme uuluka mumdima ndi nzeru yomweyi. Makina ochedwa radar achita chimodzimodzi ndi mafunde a wailesi: mlongoti wache utumiza kamphindi kakafupi ka mafunde amphamvu, nukhala chete, numvera. Kubweza kukafika patapita gawo limodzi la magawo 1,000 a sekondi, chinthucho chiri pa makilomita 150. Ndipo popeza mlongotiwo uumbidwa ngati mbale kuti uloze mbali imodzi, nuzungulira, udziwitsanso kumene chinthucho chiri.

Wotchuka pa nchito iyi ndi Robert Watson-Watt, nayenso wa ku Scotland, amene poyamba anali kufunafuna njira yodziwira kumene kuli mphezi pomvera kuthetheka kwache m'wailesi. Pa 26 February 1935, pafupi ndi mlongoti wa BBC ku Daventry, iye ndi mnzache anaonetsa kuti ndege youluka ibweza mafunde. Pofika nkhondo ya 1939 milongoti yaitali inali itaima m'mphepete mwa nyanja ya England, ndipo mu 1940 inaona ndege za adani zikali kutali. Asilikali oyang'anira makinawo anadandaula kuti mvula iwadetsera chithunzi, pakuti madontho naonso abweza mafunde. Itatha nkhondo, a za nyengo anati, Chimene inu mutcha litsiro ndicho ife tifuna.

Chotero lero ndege zazikulu zonyamula anthu ziri ndi radar m'mphuno mwache, yoonera mitambo ya mphezi patsogolo. Ndipo mwa makina ozungulira dziko kumwamba, ochedwa masetilaiti, ena ajambula mitambo, ena ali ndi radar yopyola mitambo usana ndi usiku, yoyesa mphamvu ya mphepo poona kuwinduka kwa nyanja. Ndi maso otere anthu atsata namondwe masiku ambiri asanafike pa mtunda. Uthengawo uyenda makilomita zikwi zikwi, udzera kwa a za nyengo, ufika kwa muulutsi, ukwera pa phiri. Ndipo ungathe kutayika pa phazi lomariza, m'nyumba mwanu, chifukwa cha kachitsulo kothyoka.

MVULA ISANAYAMBE

Tikupemphani tsono kuti musadikire December. Tsiku lina la bata tengani wailesi, musolole mlongoti wonse, muyende nayo pang'ono pang'ono m'nyumba ndi pa khonde, muli kuuimika ndi kuupendeketsa, kufikira mwapeza malo pamene mau a nkhani ndi a za nyengo amveka oyera. Malo amenewo onse a pa banja awadziwe, ndi ana omwe. Musakhulupirire nyumba imodzi yokha youlutsira mau. Pezani ziwiri kapena zitatu, pakuti milongoti yao siima pamodzi, ndipo mthunzi wa ina si mthunzi wa inzache. Mlongoti ukathyoka, waya wa mkuwa wa masentimita 75 womangidwa zolimba pa chitsa chache ugwira nchito yomweyo. Omvera FM pa lamya ya m'manja adziwe kuti pa malamya ambiri chingwe cha zomvera m'makutu ndicho mlongoti. Achitambasule, asachikulunge m'thumba. Mabatire ena asungidwe pouma, osagwiritsidwa pa nyimbo.

Amene ali m'mthunzi weniweni angathe kukweza waya pa nsungwi kunja kwa nyumba. Pa FM chothandiza ndi kukwera m'mwamba, si kutalika kwa waya; waya wautali wa pakati pa mitengo ngwa SW. Koma apa tichenjeza ndi mau amphamvu. Nsungwiyo iime kutali ndi mawaya a magetsi, kotero kuti ngakhale igwe isawakhudze. Ndipo waya wokwezeka ndi njira ya mphezi yolowera m'nyumba. Mukaona kung'anima, werengani kufikira kugunda kwache: masekondi 3 ndi kilomita imodzi. Musadikire kuti ifike pafupi. Pakumva kugunda koyamba, kukali kutali kuseri kwa Malosa, masulani wayayo pa wailesi, muutulutse kunja, nsonga yache igone pansi kutali ndi khoma, ndipo munthu asaukhudzenso kufikira mvula itapita. M'kati mwa nyumba mverani ndi kachitsulo ka wailesi kokha.